Mankhwala ogonetsa ku theatre: amatsaladi m'thupi?

Mwana_wa_Kapata:
Moni akuluakulu nonse. Amayi anga ali ndi chithokomiro chachikulu, tsopano chayamba kuwabanikitsa akagona chagada, ndiye adokotala anena kuti chichotsedwe mwezi wamawa. Mpeniwo sakuuopa ayi. Chawasowetsa mtendere ndi mankhwala ogonetsa aja. Anzawo a ku chigwirizano awauza kuti munthu wachikulire akagonetsedwa sadzukanso, wina wati mankhwalawo amakhala m'magazi moyo wonse, wina wati amadula zaka. Ali ndi zaka 64 ndipo amamwa mankhwala a BP. Pano akuti kuli bwino abwerere kumudzi akawatemere mphini. Amene munagonetsedwapo, kapena amene mumagwira m'zipatala, tithandizeni. Thupi limatani kwenikweni munthu akakomoledwa choncho?

NaTembo_Katete:
Ine anandigonetsa pochotsa zotupa za m'chiberekero, lero ndikulima mtedza wanga ngati kale. Azimayi a chigwirizanowo alipo amene analowako ku theatre, kapena ndi za m'maluwa chabe?

Dalaivala_T4:
Musamapeputse zinthu amayi. Mlamu wanga analowa akulankhula, anatuluka ataphimbidwa kumaso. Anthu akamaopa pali chifukwa.

NaTembo_Katete:
Pepani ndi zovutazo. Koma analowa ndi matenda anji?

Dalaivala_T4:
Matumbo anapotana. Anakhalitsa kunyumba mimba ili yotupa, ife tikuyesa zina ndi zina.

Mlonda_wa_Tulo:
Pepani kwambiri a Dalaivala. Matumbo akapotana kwa masiku, munthu amafika madzi atamuthera m'thupi, poizoni wa matumbo owola atalowa m'magazi, impso zitatopa. Wotereyo moyo wake umakhala uli kale pa ngozi asanaone n'komwe jakisoni wathu. Za amayi a Mwana_wa_Kapata ndi zina, chifukwa ndi opaleshoni yokonzekera, pali nthawi yowayeza ndi kukonza zofunika kukonza.

Ine ndine clinical officer wogonetsa odwala, ndiye ndifotokoze mmene zimayendera. Zimene zimachitika pa tebulo paja si tulo ta usiku. Wogona tulo ukamutsina amadzidzimuka, malovu akalowera kolakwika amatsokomola, akazizidwa amakoka bulangeti. Mankhwala athu amazimitsa zonsezo. Timayamba ndi wa mu diripi, kawirikawiri propofol kapena thiopentone, nthawi zina ketamine. Mphindi imodzi sikwana, munthu wagona. Jakisoni mmodziyo sakhalitsa, pakatha mphindi 5 kapena 10 munthu akhoza kutsitsimuka, n'chifukwa chake timapitiriza ndi mpweya wogonetsa, isoflurane kapena halothane, umene amaupuma mpaka adokotala atamaliza kusoka. Timawonjezera woletsa ululu, ndipo pa opaleshoni ngati ya pakhosi timaperekanso wolefula minofu. Ameneyu amaimitsa ngakhale minofu yopumira. Ndiye timalowetsa kapaipi m'kholingo, makina kapena dzanja langa pa chithumba cha mpweya n'kumamupumira munthuyo.

Nthawi imeneyo mitsempha ya magazi imamasuka, BP n'kutsika. Thupi limazizira. Maso saphethira, timachita kuwamata kuti asaume. Zonsezi timadziwiratu kuti zichitika, ndipo ntchito yanga ndi kukhala kumutu kwa wodwala osachokapo, maso ali pa kugunda kwa mtima, pa BP, ndi pa kachipangizo ka pa chala kosonyeza oxygen wa m'magazi. Adokotala ong'amba amayang'ana bala, ine ndimayang'ana munthu.

Za kutsala m'magazi, auzeni amayi kuti mpweya uja umatulukira kumene unalowera, m'mapapo, tikangoutseka. Propofol amaphwanyidwa ndi chiwindi, zotsalira n'kutuluka ndi mkodzo. Kamene kamatsalako tsiku loyamba ndi kamene timanenera kuti maola 24 osayendetsa galimoto kapena njinga, osamwa mowa, osasaina pepala la ndalama kapena la munda. Kufooka kumene anthu amamva milungu ingapo pambuyo pake kumabwera ndi bala lomwe likupola, magazi amene anatayika, ndi kugonera pabedi.

Mbuya_wa_Kasama:
Inu akum'mawa vuto lanu si mankhwala. Vuto ndi loti akakuuzani kuti osadya, mumabisa mbewa pansi pa pilo.

Mlimi_wa_Chadiza:
Mbuya, inu anakugonetsani kalekale, mpaka lero simunadzuke. Kasakeni anyani uko, pano tikukamba za nzeru.

Koma pa zosadyazi ine ndili ndi dandaulo lenileni. Bambo anga anauzidwa kuti asadye kuyambira pakati pa usiku. Kunacha, 10 koloko inakwana, 14 koloko inakwana, kenako akuti mawa, kwabwera odwala a mwadzidzidzi. Nkhalamba ya shuga tsiku lonse osalawa kanthu, milomo itauma gwa. Mawa lake zitayambanso kuchedwa, azakhali anangowamwetsa munkoyo mobisa. Ndani angawadzudzule?

Sisita_wa_Usiku:
Ine ndiwadzudzula, ngakhale chifundo chawo ndikuchimvetsa. Munthu akakomoka, khomo la chifu limamasuka, za m'mimba zimabwerera kukhosi. Popeza sangatsokomole kapena kumeza, zimatsikira m'mapapo pamodzi ndi asidi wa m'mimba. Mapapo amapsa, munthu n'kudwala chibayo choopsa, ena kufera pomwepo. Dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, analemba za zimenezi mu 1946 ataziona mwa amayi ogonetsedwa pobereka, ndipo lamulo la kusala lija limateteza ku zimenezi.

Muyezo wake ndi uwu: chakudya maola 6, mkaka wa m'mawere kwa khanda maola 4, madzi akumwa opanda kanthu maola 2. Munkoyo, maheu, thobwa, phala, tiyi wothira mkaka, zonsezo timaziwerenga ngati chakudya ngakhale zimamwedwa.

Pa bambo anu, dandaulo lanu ndi loona. Wa shuga amayenera kuikidwa koyambirira, kuyezedwa shuga pafupipafupi, ndipo zikachedwa aikidwe diripi kapena aloledwe madzi. Bedsider, wodikirira wodwalayo, afunse: "Poti zachedwa, angamweko madzi?" Ndipo ngati wodwala wadya kale, nenani. Kuimitsa opaleshoni n'kwapafupi.

Mlimi_wa_Chadiza:
Kufunsako ndiye kovuta asisita. Ukafunsa kawiri amakuyesa wamwano.

Sisita_wa_Usiku:
Alipo otero pakati pathu, sindingakane. Funsanibe. Safunsa anadya phula.

Kamnyamata_ka_Mchini:
Langa ndi losiyanako. N'zoona kuti ukagonetsedwa umaulula zinsinsi? Ndikufunsira mnzanga.

NaTembo_Katete:
Mnzakoyo ali ndi akazi angati?

Mlonda_wa_Tulo:
Muuzeni mnzanuyo kuti paipi ili kukhosi palibe amene amalankhula. Podzuka ndi pamene ena amabwebweta, ena kulira, ena kuitana amayi awo, koma zambiri zimakhala zopanda mutu. Ndipo zimene tamva ku theatre zimathera ku theatre.

Mphunzitsi_Lundazi:
Zobwebwetazo ine ndi mboni. Ndinagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka mkono, anandibaya jakisoni kuti awongole fupa. Sindinganene kuti ndinagona. Denga linasanduka madzi, ndinkadziona ndekha ndili pabedi ngati ndaima pambali, mawu a anthu akumveka kutali kwambiri. Mumtima ndinati basi, ndafa, ndipo kufa kwake ndi kumeneku. Akazi anga akuti maso anali chitsegulire akuyendayenda, dovu lili chuchuchu, ndikuimba nyimbo za m'buku mosokoneza. Anathamangira panja kukaimbira abusa foni. Ululu wokha sindinaumve ngakhale pang'ono.

Mlonda_wa_Tulo:
Ameneyo ndi ketamine, aphunzitsi, mwamufotokoza bwino kuposa buku. Anapangidwa ku America mu 1962, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi. Zipatala za kumidzi kuno kwathu zimamudalira chifukwa amasiyana ndi anzake: munthu amapitiriza kupuma yekha, BP sitsika, ndipo mtsempha ukasowa akhoza kubayidwa pa ntchafu. Mayi wataya magazi ambiri, magetsi azima, oxygen ndi wochepa, ketamine ndi amene amapulumutsa. Zovuta zake ndi zomwe mwanenazo, maloto oopsa, malovu ambiri, maso ovina. Amakwezanso BP, choncho kwa munthu ngati amayi a Mwana_wa_Kapata si amene ndingayambe kumuganizira. Malotowo timawachepetsa ndi diazepam kapena midazolam. Achibale nawonso angathandize: wodwala akamadzuka musamugwedeze, musamuzungulire anthu asanu aliyense akumuitana dzina. Musiyeni adzuke pa phee.

Mai_a_Mapasa:
Ine bola maloto amenewo kusiyana ndi jakisoni wa pamsana. Anandibaya pobereka mapasa anga, kuchokera pamenepo msana sunakhalenso bwino. Kukazizira ndimachita kudziwa penipeni pamene singano inalowa. Sindidzalolanso.

Sisita_wa_Usiku:
Amayi, mapasa munawanyamula miyezi 9 m'mimba, kenako wina kumbuyo wina kutsogolo, ndowa pamutu, khasu m'manja. Msanawo mukuuweruza mlandu wa singano yokha?

Mai_a_Mapasa:
Khasu ndinayamba ndili mtsikana, msana sunkawawa.

Mlonda_wa_Tulo:
Sindikutsutsa kuti ukuwawa. Koma tiyeni tione zimene singanoyo imachita. Ndi yopyapyala kwambiri, imalowa m'munsi, kupitirira pamene chingwe cha msana chimathera, n'kuthira mankhwala ochepa, bupivacaine, m'madzi ozungulira mitsempha. Kuyambira m'mimba kutsika kumachita dzanzi maola 2 kapena 3, mutu uli bwinobwino. Pamalo pobayapo pamawawa masiku angapo. Msana wopweteka kwa zaka umapezekanso mwa amayi amene anachira bwinobwino osabayidwa, ndipo akawayerekeza magulu awiriwa sasiyana kwenikweni.

Chifukwa chimene timaukondera pa amayi oyembekezera n'choti kugonetsa mayi wapakati n'koopsa kuposa kugonetsa munthu wina. Kukhosi kumakhala kotupirako, paipi imavuta kulowa, chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, oxygen amamuthera msanga, komanso mankhwala ogonetsa amafika kwa mwana. Ndi wa pamsana mayi amapuma yekha ndipo amamva mwana wake akulira.

Vuto limene ndimalivomereza ndi mutu. Madzi aja akamadontha pa kabowo ka singano, mutu umapweteka kwambiri ukadzuka, ukagona n'kuleka. Ngakhale August Bier wa ku Germany, amene anayambitsa njirayi mu 1898, mutu unamugwetsa pabedi masiku angapo atayesera pa msana wake. Nthawi zambiri umatha wokha ndi kugona, kumwa madzi ndi mankhwala a ululu. Koma thupi likatentha, khosi likauma, miyendo ikakhalabe yofooka tsiku litadutsa, kapena mkodzo ukamatuluka wokha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mai_a_Mapasa:
Mabuku anu anene zimene anena, msanawu ndi wanga.

NaTembo_Katete:
Pamenepo palibe angakutsutseni. Koma kaupimitseni, mwina pali china.

Mwana_wa_Kapata:
Zikomo nonse. Ndawawerengera amayi, aseka kwambiri za aphunzitsi ndi abusa. Afunsa ziwiri. Amakoka fodya wa m'mphuno, ndipo pali zitsamba zimene akhala akumwa kuti chithokomirocho chiphwe. Akuti akanena kuchipatala awakalipira, ndiye angokhala chete?

Mlonda_wa_Tulo:
Ayi, anene zonse, ndipo botolo la zitsambalo alitenge. Zitsamba zina zimachititsa kuti magazi achedwe kuundana, zina zimatopetsa chiwindi ndi impso, zomwe ndi ziwalo zochotsa mankhwala athu. Asiye kumwa kuyambira pano. Fodya amakweza BP ndi kugunda kwa mtima, akamusiya milungu yatsalayi bala lidzapola bwino. Mapaketi a mankhwala a BP apite nawo. Ena amamwedwa m'mawa wa opaleshoni ndi kamadzi pang'ono, ena monga enalapril nthawi zambiri timawaimitsa tsikulo, ndiye asasankhe okha.

Pa chithokomiro, chimene wogonetsa amaganizira kwambiri ndi njira ya mpweya. Chikakula chimakankha kholingo kapena kulifinya, n'chifukwa chake akubanika akagona chagada. Chimenecho akachinene momveka, ndi chofunika kuposa zaka zawo. Adzawajambula khosi, adzawayeza magazi kuti aone ngati chikutulutsa mphamvu yopitirira muyezo, chifukwa chikakhala choncho amayamba achiziziritsa ndi mankhwala. Anenenso ngati m'banja mwanu wina anavutikapo kapena kumwalira atagonetsedwa. Pali vuto lina la ku mtundu, losowa ndithu, limene thupi limatentha moopsa likakumana ndi mpweya wogonetsa, ndipo tikadziwiratu timasankha mankhwala ena.

Akatuluka, yembekezerani izi: kunjenjemera ndi kuzizidwa, kukhosi kokanda chifukwa cha paipi, mawu osasa, mseru. Kusanza kumagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ngati sanapatsidwe choletsa, makamaka azimayi ndi amene amasanza m'basi, ndiye ngati amatero anene. Chimene bedsider asachedwe nacho usiku woyamba ndi khosi likayamba kutupa msanga, kapena akamapuma mwaphokoso. Pamenepo osadikira kuti kuche, kaitaneni anesi nthawi yomweyo. Milomo ndi zala zikamachita dzanzi masiku otsatira, ndi calcium watsika, ali ndi mankhwala ake.

Za mphini, zipsera pakhosi sizichotsa chotupa, zimangowonjezera mabala pamalo pomwe adokotala akufuna kudzacheka.

Dalaivala_T4:
Ndiye ngati mankhwala anuwo amagwetsa munthu mphindi imodzi, a gassing aja a 2020 kuno ku Zambia, oti ankakomola anthu usiku, si omwewa ankapopera m'nyumba? Anthu sitinkagona nthawi ija.

Mlonda_wa_Tulo:
Wa mphindi imodzi ndi wa mu mtsempha, a Dalaivala. Wa mpweya amafuna chophimba chothina pamphuno ndi pakamwa, makina oyeza mlingo, ndi mphindi zingapo munthu akupuma womwewo. Kuti udzaze chipinda chonse, cha mipata pa malata ndi pansi pa chitseko, pangafunike mabotolo ambirimbiri odula, ndipo fungo lake lingadzutse nyumba yonse. Ngakhale za kampango konyowetsa ndi chloroform, koti ukangomugwira nako munthu wagwa, ndi za mafilimu.

Kumene anayesadi kugonetsa anthu ambiri pamodzi ndi ku Moscow mu October 2002, zigawenga zitagwira anthu m'holo ya zisudzo. Asilikali a boma anapopera mankhwala amphamvu a gulu la fentanyl. Anthu ogwidwawo oposa 120 anafa, ambiri chifukwa cha mankhwala omwewo: kupuma kunachepa, ena anagonekedwa chagada lilime n'kutseka kukhosi, ena anatsamwa ndi masanzi. Linali boma lokhala ndi akatswiri ake, koma panalibe woyang'anira kupuma kwa munthu aliyense payekha.

Mlimi_wa_Chadiza:
Koma kwathu anthu ananunkhiza ndithu, ena anakomoka. Musatiyese openga.

Mphunzitsi_Lundazi:
Palibe wakuyesani wopenga. Fungo loipa, mantha ndi kusagona zikhoza kugwetsa munthu. Chimene ine sindidzaiwala ndi anthu osalakwa amene anaphedwa ndi magulu chifukwa chongokhala alendo pamudzi kapena kunyamula chikwama. Zinayambira ku Chingola, milungu yochepa dziko lonse linali litayaka.

Mlimi_wa_Chadiza:
Inu a m'tauni mumayankhula chifukwa muli ndi mipanda.

Kapitawo_wa_Gulu:
Akuluakulu, nkhani ya gassing inatigawanitsa kale pagulu pano. Mwana wa anthu wafunsa za amayi ake. Tibwerere.

Dalaivala_T4:
Chabwino a Kapitawo, koma imodzi yokha, chifukwa iyi ndinaiona ndi maso anga. Zothirirana mankhwala mu zakumwa zilipo. Tikuchokera ku Lusaka, titaima pa Luangwa Bridge anthu akugula nsomba, mnyamata wina sanatsike. Timugwedeze, zii. Amene anakhala naye mpando, yemwe anamugawira juwisi m'njira, anali atasowa pamodzi ndi foni ndi chikwama. Azimayi anamuthira madzi, wina anagula mkaka n'kuyamba kumutsanulira m'kamwa kuti usukulutse poizoni.

Sisita_wa_Usiku:
Mkakawo ndiye ukanamupha msanga kuposa mapiritsiwo. Munthu amene sakudzuka musamuthire chilichonse m'kamwa, kaya mkaka, madzi, makala osinja kapena mchere woti asanze. Sangameze, zonse zipita m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali, bondo lam'mwamba lopinda, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono, kamwa loloza pansi kuti masanzi azituluka. Muyang'ane chifuwa ngati chikukwera ndi kutsika. Mkonono waukulu mwa munthu wotere si tulo tokoma, ndi lilime likutseka njira. Pitani naye kuchipatala chapafupi ali chigonere cham'mbali, osati atakhala pampando mutu uli pachifuwa, ndipo botolo limene anamwera litengeni.

Chimodzimodzi woledzera amene wafika posadzuka. Anthu amamutsekera m'chipinda kuti "agone zimuthere", m'mawa n'kumupeza atauma. Makamaka achinyamata amene akusakaniza mowa ndi diazepam kapena mankhwala a chifuwa a codeine. Zonsezo zimachepetsa kupuma, zikakumana zimathandizana.

Kamnyamata_ka_Mchini:
Ndiye Michael Jackson anafa ndi zomwezi?

Mlonda_wa_Tulo:
Propofol yemweyo amene ine ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ankamupatsa kunyumba kuti agone, mu June 2009 anasiya kupuma, ndipo dokotala wake, Conrad Murray, anapezeka wolakwa mu 2011. M'chipinda chogona munalibe zida zoyenera, ndipo dokotalayo anachokapo pambali pake.

Poti mwatchula mowa: amene mumamwa kachasu tsiku lililonse, tiuzeni zoona tikakufunsani. Thupi lozolowera mowa limafuna mankhwala ochulukirapo kuti ligone, chiwindi chimakhala chotopa kale, ndipo pakatha masiku 2 kapena 3 muli m'wodi osamwa mumayamba kunjenjemera, kuona zinthu, ena kugwa khunyu. Tikadziwiratu timaziteteza. "Ndimangolawa pa Khirisimasi" satithandiza.

Wa_ku_Mfuwe:
Ndawerenga zonsezi ndikumwetulira, chifukwa kuno ku Luangwa ndinaonererapo madokotala a nyama akugonetsa njovu kuti aichotse waya wa msampha kumwendo. Amailasa ndi kajakisoni ka mfuti, mankhwala ake etorphine, amphamvu moti kadontho kangaphe munthu. Ikangogwa, sathamangira kubala. Amayamba aona mmene yagwera. Ikagwa chogwada, chifuwa chili pansi, imalephera kupuma, ndiye amaikankha ndi anthu kapena kuikoka ndi galimoto kuti igone cham'mbali. Wina amaongola chitamba n'kuika kamtengo kunsonga kuti chisatsekeke, n'kumawerenga mpweya. Khutu amalipindira pa diso, ena akuithira madzi kuti isatenthe. Akamaliza amaibaya wotsitsimutsa mu mtsempha wa kukhutu, aliyense n'kuthawira m'galimoto, chifukwa pakangopita mphindi zochepa yaimirira.

Mlonda_wa_Tulo:
Wa pa chitambayo ndi mnzanga wa ntchito. Mukamuona mumupatse moni.

Mbuya_wa_Kasama:
Njovu imadzuka, koma munthu wa ku Chipata akuopa.

NaTembo_Katete:
Mbuya, tsiku lanu likadzafika tidzakumvani mukuitana mayo.

Mdzukulu_wa_Nyimba:
Ine ndiwonjezere chimene sichinatchulidwe, chifukwa kwathu chinatsala pang'ono kupasula banja. Agogo anga aamuna anathyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inayenda bwino, anadzuka, anatizindikira tonse. Usiku wotsatira anasintha. Anazula diripi, akuti m'wodi mwalowa ng'ombe, akukamba ndi abale awo amene anafa kalekale, kutchula maina a anthu a m'mudzi. Masana ankakhala bwino, dzuwa likalowa ziyambirenso. Amalume ena anayamba kunena kuti nkhalambayi ikuulula za ufiti wake, mankhwala a azungu aifukula. Nkhani inafika kumudzi ife tisanatuluke m'chipatala. Patapita masiku mutu unabwerera, iwo osakumbuka kalikonse, koma pali mabanja mpaka lero sawapatsa moni.

Sisita_wa_Usiku:
Zimenezi timaziona kawirikawiri mwa okalamba, makamaka a fupa la m'chiuno, ndipo zimandipweteka mtima zikafika ku ufiti. Ndi ubongo wasokonezeka kwa kanthawi. Zoyambitsa zimakhala zingapo pamodzi: mankhwala, ululu, kusagona, kuchepa kwa madzi m'thupi, mkodzo wotsekeka, matenda a m'chikhodzodzo kapena chibayo chikuyamba, ndi malo achilendo. Muziwauza anesi msanga, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha matenda ena. Chimene chimathandiza ndi nkhope yodziwika pambali pawo, kuwakumbutsa kumene ali ndi tsiku lake, kuwabwezera magalasi awo, kuwamwetsa madzi akaloledwa, ndi kuwadzutsa kuti ayende msanga. Kuwamanga pabedi kumangowonjezera.

Mphunzitsi_Lundazi:
Tikamadandaula tizikumbukanso kumene zinachokera. Mpaka pa 16 October 1846, pamene William Morton anaonetsa mankhwala ogonetsa otchedwa ether pa chipatala cha ku Boston, munthu ankadulidwa mwendo ali maso, amuna amphamvu atamupanikiza, dokotala wabwino ali amene amacheka mofulumira. Ndipo wodwala wa tsiku limenelo anamuchotsa chotupa cha pakhosi. Ku Britain anthu ena ankakana kuti mayi aletsedwe ululu pobereka, mpaka Mfumukazi Victoria anapuma chloroform pobereka mu 1853, zokanazo n'kuyamba kuzilala.

Mlimi_wa_Chadiza:
Aphunzitsi ayamba kalasi. Ine funso langa ndi loti ogonetsawa alipo okwanira? Chifukwa kumva kwanga, m'maboma ambiri ndi mmodzi kapena awiri, usana ndi usiku.

Mlonda_wa_Tulo:
Ndife ochepa, ndipo pamenepo mwakhudza bala lenileni. Ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni imagwiridwa ndi ife ma clinical officer ndi anesi ophunzira zogonetsa. Madokotala a ukatswiri umenewu anayamba kuphunzitsidwa ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, mu 2011, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu. N'chifukwa chake chithokomiro chachikulu sachichotsera paliponse, amatumiza kumene kuli zida ndi anthu okwanira. Mukatumizidwa kutali musaone ngati akukukanani. Ndipo wodwala ali ndi ufulu woonana ndi womugonetsa tsiku lisanafike n'kumufunsa zonse zimene zili kumtima.

NaTembo_Katete:
China chimene sanakuuzeni a Mlonda, poti ndi bambo: ndolo, mphete, zibangili ndi mano oikirira zonse amavulitsa. Utoto wa m'zikhadabo afufute, umasokoneza kachipangizo ka pa chala kaja. Mikanda ya m'chiuno avulire kunyumba. Ine anandivula ndi asisita pakhomo la theatre, ana a sukulu ya unesi ali ndii kuyang'ana.

Mbuya_wa_Kasama:
Inali mizere ingati amayi?

NaTembo_Katete:
Kafunseni akazi anu.